Ndani Akumeta ndi Mbali ya Mlendo?

Aphungu,

Ndikudziwa kuti anthu amakulemberani za chikondi ndi za mabanja, ndiye mwina museka mukaona kuti ine ndabwera ndi nkhani ya malezala. Sekani, palibe kanthu. Nanenso ndikanaseka zikanakhala kuti zikuchitikira wina. Funso langa ndi lakuti, kodi lezala labwino, losabuntha msanga, ndi liti, ndipo ndingaligule kuti mu Lusaka muno? Ndikufunsa chifukwa ngati vuto si lezala, ndiye kuti mkazi wanga akunena zoona, ndipo amayi anga ayenera kuchoka pakhomo panga mwezi uno usanathe.

Maina ndasintha kuti a kutchalitchi asandizindikire, ngakhale ndikudziwa kuti andizindikirabe. Ine ndine Gerald, ndimagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi pafupi ndi Cairo Road. Timakhala ku Chelstone ndi mkazi wanga Lukonde, yemwe ndi mphunzitsi, ndipo panopa ndi woyembekezera. Atate anga, a Jethro, anamwalira chaka chatha mvula isanayambe. Kwawo ndi ku Katete, koma iwo ndi amayi anakalambira m'nyumba ya lendi ku Kabwata. Maliro atatha sitinafune kuti amayi akhale okha, ndiye tinawatenga n'kuwapatsa chipinda cha alendo, choyang'anana ndi bafa. Katundu wa atate achibale anagawana, ine sindinalimbane ndi munthu. Ndinangotenga chometera ndevu chawo, burashi yake ndi kambale ka sopo.

Chometeracho ndi chachikale chija chachitsulo, cholemera m'manja, chomwe umapotokola chogwirira n'kuikamo lezala lakuthwa mbali zonse ziwiri. Atate sankafuna kumva za makina a magetsi kapena timapulasitiki totaya tija. M'mawa uliwonse ankaima pasinki atavala vesiti, n'kupaka thovu ndi burashi, n'kumameta mofatsa ngati alibe kopita. Akakoka pang'ono ankagogoda chometeracho m'mphepete mwa sinki kuti ndevu zigwe: ko, ko, ko. Ine ndinakula ndikudzutsidwa ndi kugogoda kumeneko.

Anali ndi lamulo limodzi lodabwitsa. Pamutu pa chometeracho pali pokandika mbali imodzi, ndipo iwo ankameta ndi mbali yokhayo. Inayo sankaikhudza mpaka kutaya lezalalo. Ndinawafunsapo chifukwa chake, poti atate anali munthu woumira, woti lezala likabuntha ankalinolera m'kati mwa tambula m'malo mogula lina. Anandiyankha akuseka kuti, "Mbali iyo ndi ya mlendo. Akuluakulu ankati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma alendo a masiku ano amabwera chimanjamanja. Ndiye timawasungira."

Magetsi atayamba kuzimazima kuno, makina anga ometera anasanduka chokongoletsera m'bafa. Ndinatulutsa chometera cha atate n'kuyamba kuchigwiritsa ntchito. Lamulo lawo lija ndinalitsatira, osati chifukwa chokhulupirira kanthu, koma dzanja linangochita zomwe maso anazolowera.

Tsiku lina m'mawa ndili pa changu ndinatembenuza molakwika, n'kumeta ndi mbali ya mlendo. Aphungu, linandikoka ngati ndikuzula udzu. Koma lezalalo ndinali nditangoliikamo dzulo lake, lanyuwani. Nditamasula chometeracho ndinapeza timatsitsi toyera titakanirira pansi pa lezala, mbali ya mlendo yokhayokha. Tinali tofewa, topotanapotana, totalikirapo. Ine ndevu zanga ndi zakuda, mkazi wanga amaluka, ndipo amayi tsitsi lawo ndi lakuda bii, anthu ku Kabwata ankawasirira nalo. M'banja mwathu wa imvi anali mmodzi yekha, ndipo tinamuika m'manda.

Poyamba ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati lezalalo ndinagula limodzilimodzi pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, mwina ndi achinyengo aja oti wina anametera kale n'kuwakulunganso. Ndinapita ku Kamwala n'kugula bokosi lathunthu losatsegula. Zomwezo. Ndinagula ena okwera mtengo mufamase ya ku Woodlands, okhala m'kabokosi kapulasitiki. Zomwezo. Mnzanga wa kuntchito, Edmond, anandipatsa ena amene anabwera nawo kuchokera kunja, akuthwa moti anandicheka chibwano ndisanawakhudzitse n'komwe bwinobwino. Amenewonso mbali yanga inakhalabe yakuthwa, koma ya mlendo inafa pasanapite nthawi. Tsopano ndili ndi chizolowezi chochititsa manyazi. Ndikabwera kuntchito, ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndimalowa m'bafa kukayesa lezala paubweya wa pamkono. Kawirikawiri ndimalipeza lonyowa, burashi nayonso yonyowa, pamene ine ndinazisiya zouma.

Lachitatu lina anatiweruka masana chifukwa jenereta ya kuofesi inafa. Ndinafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, pabwalo pali zii, ngakhale agalu a aneba osauwa. Nditangolowa m'khonde la m'kati ndinamva fungo la sopo wa atate. Kenako m'bafa, chitseko chili chotseka, ndinamva ko, ko, ko. Panapita kanthawi, n'kumvekanso ko, ko, ko. Si mapaipi amenewo, mapaipi athu ndimawadziwa kulira kwake. Ine munthu wamkulu, wotsogolera mapemphero a abambo kutchalitchi, ndinabwerera chambuyo mpaka m'galimoto, n'kukhoma zitseko. Nditalimba mtima n'kulowanso, m'bafa munalibe munthu. Amayi anali khale pamphasa m'chipinda mwawo, chitambala chakuda chili kumutu monga mwa masiku onse. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Wabwera msanga lero." Ndinawafunsa ngati anamva kanthu. Anati, "Ine makutu anatha, mwanawe."

Zimenezi ndinamubisira Lukonde chifukwa cha mimba, koma iye anatulukira zake. Tsiku lina akuchapa anandiitana. "Ba Gerald, bwelani muone chitambala cha ba mami. Aya si magazi? Batema mphini mumutu aba. Ine nabaona na maso yanga bakumba pansi pa mango, bafotsela vinthu." Ndinapita kukafukula pansi pa mtengo wa mangowo. Ndinapeza timapepala ta nyuzi topindapinda, tambiri, ndipo m'kati mwake munali timatsitsi toyera tomwe tija. Ndiye kuti amayi akudziwa. Amatola tsitsi la malemu m'bafa n'kumakalikwirira, osatiuza kanthu. Lukonde akuti ndi amayiwo amene amaitana malemuwo.

Musamuone ngati woipa mkazi wanga, wayesetsa. Amayi chifikireni kwathu sadya kwenikweni, aonda, ndipo ku Chigwirizano cha amayi ku Reformed, komwe sankajomba, anasiya kupitako. Yunifolomu yawo ili m'sutikesi. Amangodandaula kuti, "Mutu ukundilemera." Tinawagulira mapiritsi a mutu, tinawayezetsa magazi, adokotala anati palibe chachikulu. Tsiku lina tikudya anaika supuni pansi n'kundiuza kuti, "Gerald, ine ndimafuna kumeta." Loweruka lake Lukonde anawatengera kusaluni yabwino ku Kabulonga, yomwe iye mwini amapitako pa Khirisimasi pokha. Amayi anaima pakhomo, n'kuyang'ana atsikana a m'salunimo mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti, "Awa ndi abale a yani?" Anakana kukhala pampando, anakananso kuvula chitambala. Lukonde anabwera akulira ndi manyazi. Pofuna kuwasangalatsabe anawagulira wigi. Mpaka lero ili pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndikalowa m'chipindamo ndimayesetsa kuti ndisaiyang'ane.

Ine amene ndimamukayikira ndi wina. Atate ali ndi mlongo wawo, a Emmy, atate anga aakazi, omwe amakhala ku Chunga. M'mawa mwake titaika maliro anabwera ku Kabwata ndi beseni ndi kapaketi ka malezala, akuti tiyambe kumeta. Ine monga mwana woyamba ndinaimirira n'kuwauza pamaso pa onse kuti za kumudzi zimenezo pano ayi, ife tinaomboledwa, ndipo palibe amene akhudze mutu wa munthu. Azibusa athu anandiyamikira pambuyo pake. Atate aakaziwo sanakangane nane. Anaika kapaketiko pawindo n'kunena kuti, "Chabwino, mwana wa achimwene. Koma amakowa tawasiya m'manja mwa mwamuna wawo." Anatenga chikwama n'kupita osadya, ndipo sanapondenso kwathu. Kodi mawu amenewo si temberero? Bwanji zonsezi zikuzungulira pa malezala?

Chomwe chandipangitsa kulemba ndi cha Loweruka lapitali. Lukonde anaperekeza amayi kuchipatala m'mawa, ine ndinatsala ndekha. Ndinaika lezala latsopano, n'kukhoma nyumba, n'kupita kukagula buledi pakona. Pobwera ndinapeza galasi la m'bafa lachita nthunzi, pamene magetsi kunalibe kuyambira dzulo lake ndipo madzi anali ozizira ngati a m'chitsime. Pagalasipo panali pamalo pamodzi popukutidwa ndi chikhatho, m'mwamba, poti ine kuti ndidzionepo ndiyenera kunyang'ama. Ine ndine wamfupi, ndinatengera amayi. Atate anali aatali, ankawerama polowa pakhomo. Lezala linali lonyowa, koma ulendo uno panalibe tsitsi.

Lukonde wandiuza kuti, "Ine sinizabeleka mwana munyumba ya so. Olo ba mami bayende ku Katete, olo ine niyende kwa ba mayo." Ba mayowo ndi amayi ake omubereka. Ku Katete amayi anga alibe wowasamala, abale awo enieni anatha. Koma ndafunsa kale za basi. Ndikawayang'ana amayi mtima umandiwawa, ndikayang'ana mimba ya mkazi wanga mantha amandigwira.

Ndiye Aphungu, ndiuzeni. Kodi alipo malezala ena amene amabuntha okha mbali imodzi? Mwina ndi madzi a m'mjigo wathu, poti amasiya zoyera m'ketulo? Ngati pali mtundu wina woti ndiyese, ndiutchulireni, ndiuyese kaye ndisanawakweze amayi basi.

G. M., Chelstone, Lusaka

A G. M.,

Kalata imodzi, milandu itatu. Sindinaseke ayi. Ndiyamba ndi wa malezala poti ndi umene mwafunsa, ndiponso ndi wopepuka.

Lezala lobuntha lokha mbali imodzi kulibe, kaya la pakantemba kaya la kunja. Madzi a mu Lusaka ali ndi laimu, n'zoona, ndipo amaphimba kukamwa kwa lezala mukalisiya lonyowa, koma madzi sasankha mbali. Pogula, lekani aja ogulitsa limodzilimodzi. Tengani kabokosi kosatsegula, lezala lililonse lili m'kapepala kake komata bwino, ndipo likhale lachitsulo chosachita dzimbiri. Musagule bokosi lalikulu musanayese. Gulani timapaketi ta mitundu ingapo, nkhope yanu isankhe yokha. Ndevu zolimba zimafuna lakuthwa kwambiri ndi dzanja lopepuka. Ngati mumatuluka tiziphuphu, tengani lofatsirapo, nyowetsani ndevu mokwanira, ndipo metani motsata kumene zagonera. Mukatha tsukuluzani, kutumulani madzi, osapukuta kukamwa kwake ndi thaulo. Likayamba kukoka litayeni m'kachitini kotseka, za tambula zija zisiyeni zipite ndi eni ake. Mlandu woyamba watha, ndipo mwaona nokha kuti sunakuthandizeni.

Tsopano tiyeni ku timatsitsi tija. Mwati ndi tofewa, topotana, totalikirapo. Atate anu ankameta tsiku lililonse. Ndevu za munthu wotere zimagwa ngati mchenga, sizipotana. Limenelo ndi tsitsi la kumutu, bambo. Ndipo ndikufunseni, mutu wa amayi anu munauona liti komaliza? Mukuti ndi lakuda bii. Amayi ambiri a msinkhu wawo kuda kumeneko amakugula m'sitolo, ndipo wamasiye sadaya tsitsi. Onjezanipo chaka cha chisoni. Pansi pa chitambala chimenecho pali imvi, ndipo ndikukhulupirira kuti pali mabala ndi zigambazigamba, chifukwa munthu wokalamba akudzimeta yekha, mobisa, mothamanga, kumbuyo kosaona. Magazi a pachitambala achokera pamenepo, si mphini. Kugogoda kuja musadabwe nako. Munthu amene wamva ko, ko, ko m'mawa uliwonse wa ukwati wake, akagwira chometeracho dzanja lake lichita chimodzimodzi, monga lanu linachitira.

Amayi anu anakuuzani zonse m'Chichewa chomveka, inu munamva m'Chinyanja cha m'tauni. Atati akufuna kumeta sankanena za saluni. Kwathu kumeta ndi kutsiriza maliro. Achibale a mwamuna amameta wamasiye, tsitsi la maliro limakwiriridwa, kenako amamusudzula, kumuuza kuti ukwati watha bwino, ndinu mfulu, vulani zakuda, bwererani pakati pa anzanu. Zimenezi zisanachitike, iye mumtima mwake akadali pamphasa ya maliro. N'chifukwa chake sapita ku Chigwirizano, n'chifukwa chake mutu ukuwalemera. Funso lawo lija pakhomo la saluni, lakuti awa ndi abale a yani, linali yankho lonse. Wamasiye sametedwa ndi munthu wamba, ndiponso sadzimeta yekha. Iwo akudziwa zimenezo. Koma inu munathamangitsa dzanja loyenera, ndiye atenga chinthu chokhacho cha kuchimuna chimene chatsala m'nyumbamo, chometera cha mwamuna wawo. Amameta, amakwirira tsitsi monga mwa mwambo, amadikira kuti mwina mtima upepuka. Supepuka. Tsitsi limamera, amayambanso.

Atate anu aakazi sanakutemberereni. Anangokuuzani mmene zinthu zatsalira, ndipo anakusiyirani malezala pawindo kuti mukadzakhazika mtima pansi mudzawapeze.

Pali chinthu china m'kalata yanu chimene chandibaya. Amayi anu, ngakhale ali m'masautso otere, sanakhudzepo mbali yanu ya lezala. Amatembenuza n'kumeta ndi mbali ya mlendo. Nanga m'nyumba mwanu amagona m'chipinda chiti? Iwo akudziwa malo amene munawapatsa, ndipo akudziwa kuti mlendo ndi mame. Ndikukayika ngati za basizo sanazimve kale, makutu amene akuti anathawo.

Chitani izi, ndipo musazengereze. Za basi ziiwaleni. Khalani pansi ndi Lukonde mumufotokozere zonse, kuphatikizapo zimene munamubisira. Ndi mwana wa m'tauni, wa mtundu wina, woyembekezera mwana woyamba, ndipo mantha ake ndi omveka. Amene anayenera kudziwa tanthauzo la mawu a amayi ndinu, osati iye. Mukatero pitani ku Chunga nokha, osati pafoni. Nyamulani kashuga, khalani pansi, mupepese. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mawu owawa amene akakuuzeni kumeneko muwameze. Apempheni abwere adzamete mlamu wawo ndi kumusudzula.

Chikhulupiriro chanu sindikulimbana nacho. Inuyo ngati simufuna kumetedwa, sungani tsitsi lanu, palibe akukakamizeni. Koma chikhulupiriro chanu musachilipiritse pamutu pa mayi wina. Itanani mkulu wa mpingo wawo ndi amayi awiri atatu a Chigwirizano, ayambe ndi pemphero, atsirize ndi nyimbo. Zofunika ndi beseni la madzi ofunda, sopo, lezala latsopano ndi mawu a achibale. Wina akabweretsa zoti wamasiye agone ndi munthu kuti ayeretsedwe, kapena zotemana mphini, pamenepo ndiye imirirani monga munaimirira ku Kabwata, ndipo ine ndidzakuomberani m'manja.

Chitambalacho musachivule ndinu, ndipo musawafunse ngati wapolisi. Lowani m'chipinda mwawo, khalani pamphasa, muwauze kuti, Amama, ndamva tsopano, ndikupita kukatenga atate aakazi. Zikatha mupite nawo kuchipatala adokotala akaone mabala a m'mutuwo. Nonse awiri mukayezetsenso magazi, chifukwa mwakhala mukuchekedwa ndi lezala limodzi. Nthabwala ya atate anu inali yokoma, koma lezala lilibe mbali ya mlendo. Lezala limodzi, munthu mmodzi, ndipo pa tsiku lometalo mutu uliwonse ukhale ndi lake. Chipindacho muchisinthe dzina, ana anu adzakule akuchitcha cha agogo.

Watsala mlandu wachitatu, wa galasi. Ndauzunguza m'mutu ndipo ndilibe yankho. Ndikanatha kukuuzani kuti munthu wamantha amaona zambiri, kapena kuti munanyowetsa lezalalo nokha n'kuiwala. Mwina ndi choncho. Koma amayi anali kuchipatala, nyumba munakhoma, ndipo chikhatho chija chinapukuta pamene inu simufikapo. Ine za mizukwa sindizithamangira, komanso zimene sindikuzidziwa sindinamizira kuzidziwa.

Ndingokuchenjezani chimodzi. Mwanena nokha kuti tsiku limenelo palezala panalibe tsitsi. Ndiye ngati alipo amene anaima pagalasipo, sanabwerere ndevu. Atate anu aakazi anakuuzani pamaliro kuti amayi anu atsala m'manja mwa mwamuna wawo, ndipo inu mukuona kuti sakudya, akuonda, akutha. Kaya ndi mzimu kaya ndi chisoni chokha, wamasiye wosasudzulidwa ndamuonapo akutsatira mwamuna wake chaka chisanathe bwino. Mukawakweza basi ali choncho, dziwani kuti ku Katete sakakhalitsako.

Pitani ku Chunga Loweruka lino. Podutsa pafamase mugule kapaketi katsopano, mtundu uliwonse, bola kosatsegula.

Aphungu